Laibulale yakale ija: pomwe tafika ndi ntchito

Kumapeto kwa Epulo

Mvula yatha nde tayamba. Kwa amene mwangolowa kumene, tikunena nyumba ija ya zipinda ziwiri kuseri kwa msika wathu kuno ku Mangochi, yomwe akuluakulu amaitchulabe kuti ku laibulale ngakhale papita zaka zambirimbiri chiitsekereni. Zomwe tinagwirizana pamaso pa amfumu ndi akomiti ya chitukuko ndi zoti tiikonze ikhale nyumba ya chikhalidwe, ana aziona zinthu za makolo awo, magule aziphunzitsidwa pabwalo lake, komanso alendo opita kunyanja azipatukirapo. Ine anandipatsa mbali yofufuza mbiri ya nyumbayi ndi kulemba mmene ntchito ikuyendera kuti amene mukusonkha muli ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Joni muzidziwa komwe ndalama zanu zikupita.

Mmene taipezera: makoma ali bwinobwino, njerwa zake ndi zowotcha, zokhuthala, mmisiri wagogoda paliponse akuti palibe chogwetsa. Denga ndiye lapita. Malata achita dzimbiri ena anauluka kalekale, mitengo ya denga mbali ya kumadzulo chiswe chinamaliza. Mu siling'i mwadzaza mileme, fungo lake osayamba. Mawindo magalasi mulibe, chitseko cha kuseri kulibe nde mbuzi zimagona momwemo.

Meyi

Tasesa. Achinyamata anabwera ambiri ndithu, amayi a pamsika anatiphikira phala, zitosi za mileme anatenga ndi abambo ena okathira kudimba kwawo. Aliyense tinamuuza avale kansalu kukamwa ndi mphuno chifukwa fumbi la zitosizi limadwalitsa chifuwa.

Koma nkhani yaikulu ndi iyi abale. Kuchipinda chaching'ono, pansi pa mulu wa mabenchi othyoka, tapeza bokosi lachitsulo lokhoma. Titalitsegula mkatimo munali mabuku a kaundula momwe ankalembamo obwereka mabuku, timakadi tambirimbiri tomanga ndi ulusi, chidindo cha madeti chomwe labala yake inauma, ndi kope lina lolembamo zindapusa za obweza mochedwa. Chitsulocho ndi chomwe chinatchinjiriza, chiswe chinangonyambita pangodya basi.

Ndakhala nawo mabukuwa madzulo aliwonse ndipo ndikuuzeni, mbiri yonse ya nyumbayi ili mmenemu. Palibe mwala wa maziko wolembedwa chaka pakhoma paja, koma kope la zindapusa likulankhula lokha. Masamba oyambirira ndalama zikulembedwa mmapeni, pali 1d, pali 3d imene agogo athu ankati tiki. Kenako pakati pa kopelo zolemba zikusintha kukhala matambala. Kwacha ndi tambala zinalowa m'malo mwa mapaundi ndi masheleni mu 1971, nde zikutanthauza kuti laibulaleyi inali ikugwira kale ntchito chaka chimenecho chisanafike. Chinanso, mabuku akale kwambiri omwe atsala mmashelefu ali ndi chidindo cholembedwa Fort Johnston, atsopanoko ndi amene alembedwa Mangochi. Ana ambiri amene tinali nawo posesa samadziwa nkomwe kuti tauni yathu ino inkatchedwa Fort Johnston, dzina la Harry Johnston amene anali mkulu wa atsamunda woyamba, ndipo linga loyamba analimanga mu 1891 pafupi ndi mudzi wa Mponda pofuna kutseka njira ya malonda a akapolo ya pa mtsinje wa Shire. Mnyamata wina anafunsa kuti kodi mabukuwa anachokera kunja? Ndinamuuza kuti ayi achimwene, Fort Johnston ndi pompano pamene mwaimapa.

Mayina ali mukaundulamo sindiwalemba pano ndipo zithunzi zake musazitumize pa WhatsApp chonde, ndi anthu enieni, ena alipo ena anatisiya koma ana awo alipo. Tiyamba tapempha mabanja awo.

Meyi yemweyu, sabata yomaliza

Tinapita pa boma kukaona myuziyamu ya Lake Malawi, ija ili pafupi ndi nsanja ya wotchi mukamayandikira mlatho wa Bakili Muluzi. Chifukwa chopitira chinali choti nayonso si kuti anaimangira myuziyamu, inali Gymkhana Club, malo ochezerapo azungu nthawi ya atsamunda, kenako mu 1971 ndi pomwe anaisandutsa malo osungira mbiri ya nyanja. Nde timafuna tione kuti nyumba yakale imasintha bwanji ntchito osataya nkhope yake.

Amene simunalowemo kalowenimo. Nkhani ya sitima ya nkhondo ya Guendolen ili mmenemo, ija mu Ogasiti 1914 inapita ku Sphinxhafen, komwe pano ndi Liuli ku Tanzania, nkukaombera sitima ya Majeremani ya Hermann von Wissmann ili pamtunda akuikonza, woyendetsa wake asanamve nkomwe kuti ku Ulaya kwabuka nkhondo. Mzinga wa Guendolen uli panja pafupi ndi nsanja ija, yomwe anaimanga pokumbukira Mfumukazi Victoria amene anamwalira mu 1901. Pompo palinso chikumbutso cha sitima ya Vipya imene inamira pa 30 Julaye 1946 kumpoto kwa nyanja, anthu 145 anathera mmadzi. Ambiri timadutsapo pa kabaza tsiku ndi tsiku osaima.

Pobwerera tinakambirana mu minibasi kuti ife tisachite kubwereza zomwe zili kale pa boma. Za masitima ndi azungu zili ndi kwawo. Yathuyi ikhale ya anthu a kuno, msodzi, woluka mikeka, woimba ng'oma, komanso wowerenga amene ankabwera kudzabwereka buku.

Juni

Mwera wayamba, asodzi ambiri ali pamtunda nde tapeza manja owonjezera. Koma mwezi uno kunali kukangana ndithu ndipo ndilemba momwe zinalili.

Ena mukomiti akufuna tichotse mashelefu onse, tipake penti yowala, mawu aja olembedwa pamwamba pa khomo tiwafute nkulemba dzina latsopano. Akuti mashelefu akudya malo, malo amenewo tiikepo ng'oma ndi ngalawa, ndipo akuti mlendo sangalipire kudzaona mashelefu opanda kanthu. Mfundo ya malo ndikuimva, nyumbayi ndi yaing'ono zoona. Koma ine ndakana ndipo ndikanabe. Tikachotsa chilichonse chosonyeza kuti muno munali laibulale ndiye kuti tapha mbiri imodzi kuti tiikemo ina, pamene yomwe tikuphayo ndi yathu yomwe. Ng'oma titha kukasema ina mawa. Shelefu imene kalipentala wa kuno anakhoma nthawi ya mapeni, ya mlombwa weniweni woti chiswe chinaulephera, tikaiwaza nkhuni sitidzaipezanso.

Chomwe chinandilimbitsa mtima ndi macheza amene ndakhala ndikuchita ndi akuluakulu. Ndimapita ndi foni, ndimapempha kaye chilolezo kenako nkujambula mawu.

Agogo ena aamuna, pano maso anachita khungu, anandiuza kuti iwo kusukulu sanapite. Bambo awo anakana, ati ku mishoni akakusandutsa Mkhristu, akakudyetsa zosayenera. Izi si za banja lawo lokha ayi, aliyense wa kuno akudziwa kuti nthawi ya atsamunda masukulu ambiri anali mmanja mwa mamishoni nde makolo ambiri achisilamu ankasankha kutumiza ana ku madrasa basi, nchifukwa chake boma lathu lino la Mangochi linatsalira pa nkhani ya sukulu kwa nthawi yaitali. Iwowa Chiarabu ankawerenga bwinobwino koma kalata ya mchimwene wawo wa ku migodi ankachita kukapempha munthu awawerengere, zinsinsi zonse za pabanja nkumamveka mudzi wonse. Atakula ndi pomwe analowa sukulu ya kwacha, ndipo ankaphunzirira mchipinda chaching'ono chija madzulo laibulale ikatsekedwa. Anandiuza kuti, "Mwanangu, mmene muja simunali mtanda simunali chilichonse, nde bambo sanaletse." Ndinawafunsa chaka, anati nthawi ya Kamuzu, ndinakafufuza mukaundula ndipo dzina lawo ndinalipeza, tsamba lina asainira ndi chala, patsogolo pake alemba okha dzina ndi zilembo zikuluzikulu zopendama. Nditabwerera kukawauza anakhala chete nthawi yaitali kenako anati ndiwagwiritse tsambalo. Ndinawatengera bukulo analisisita ndi dzanja.

Nde wina andiuze kuti chimenechi si chikhalidwe?

Mayi ena amene anapuma pa uphunzitsi anati iwo ankabwera kudzawerenga Boma Lathu ndi magazini ya Moni, komanso kukonzekera mayeso poti kunyumba kunalibe tebulo. Akuti atsikana ankalowa ochepa kwambiri, ukalowa anthu pamsika ankakunena kuti ukukasaka amuna. Kaundula akuvomereza, masamba akale mayina a akazi ndi owerengeka, akuyamba kuchuluka cha kumapeto. Mphunzitsi yemweyu anandikumbutsa kuti pulayimale itakhala yaulere mu 1994 ana anadzaza mpaka ena ankakhala pansi pakhonde, koma nthawi yomweyo ndi pomwe mabuku atsopano anasiya kubwera, woyang'anira atapuma sipanabwerenso wina, mvula inayamba kulowa, basi pang'onopang'ono mpaka loko.

Pamapeto amfumu anagamula bwino. Mashelefu a khoma la kummawa atsala momwe alili ndipo pakhala ngodya ya laibulale, enawo tiwasuntha mosamala osathyola, tiikepo zinthu zoonetsa. Mawu a pakhomo satifuta, chikwangwani chatsopano chikhala pambali. A Shehe ndi abusa onse anavomera, zinandisangalatsa kwambiri.

Julaye

Denga latheka! Malata atsopano, mitengo yatsopano yopaka mankhwala a chiswe. Mileme tinadikira ituluke madzulo nkutseka mabowo, sitinaphe. Zikomo nonse amene munatumiza pa Airtel Money ndi Mpamba, msungichuma wawerenga malisiti onse pamsonkhano ndipo aliyense ofuna kuona kope lake lilipo. Simenti yakwera mtengo kuposa mmene tinawerengera nde pansi tingomata mmene mwasweka mokha, zopaka simenti nyumba yonse zidikire. Makoma tipaka laimu osati penti ya mafuta, mmisiri akuti njerwa zakale zimafuna kupuma, ukazitseka ndi penti chinyezi chimatsalira mkati pulasitala nkumagwa.

Ogasiti

Zinthu zayamba kubwera, zina sitinapemphe nkomwe. Talandira mono, nkhafi zakale, kangalawa kosema kamene mwini wake akuti ankaphera chambo ku Malombe nthawi imene chambo chinali chambo, singano zosokera ukonde, mikeka ya mlaza, mtondo ndi munsi, mbiya, nsengwa, ng'oma zitatu. Chilichonse tikulemba mkope, wapereka ndani, wapereka kapena wabwereketsa, chinkagwira ntchito yanji, dzina lake mChiyao ndi mChichewa. Izi tikuchita kuti mawa pasadzakhale mkangano mwana wa munthu akadzabwera kudzafuna katundu wa bambo ake.

Yondigwira mtima ndi yunifolomu ya Beni imene anganga (agogo aakazi) ena anabweretsa itakulungidwa mchitenje, ya malemu amuna awo, kabudula ndi malaya a khaki, timabaji topanga okha ndi wezulo. Beni ndi gule wotsanzira perete wa asilikali, anachokera kugombe la Aswahili nkufalikira kuno makamaka ndi anthu obwera ku nkhondo yoyamba ya dziko lonse ija, nde mukaiona yunifolomuyi nkukumbukira mzinga uli pa boma uja mumaona kuti ndi nkhani imodzi, kungoti iyi ikukambidwa ndi eni mudzi. Anganga anatipempha chinthu chimodzi, akuti isamangokhala mgalasi, tsiku la gule mdzukulu wawo azibwera kudzaivala. Tavomera ndipo talemba.

Panabukanso nkhani ya jando ndi nsondo poti ino ndi nyengo yake, ana ali kutchuthi, usiku manganje akumveka mbali zonse. Achinyamata ena amafuna tiike zithunzi ndi zinthu za kundagala, kumsasa wa chinamwali, ati alendo amakonda zimenezo. Angaliba, odula anyamata ku jando, ndi anankungwi anati ayi, ndipo ine ndili mbali yawo. Zomwe zimachitika poyera, nyimbo za manganje, zovala za tsiku lotuluka, chisangalalo cha makolo, zimenezo tionetsa. Za mkati ndi za eni ake. Nyumbayi ikayamba kugulitsa zinsinsi za anthu, anthu omwewo adzasiya kutibweretsera zinthu, ndipo adzakhala akulondola.

Khoma limodzi tasungira mbiri ya mafumu, ndipo apa tagwirizana kuti tisabise kanthu. Mponda, Makanjira ndi Jalasi anali mafumu amphamvu a Chiyao amene analimbana ndi atsamunda, anthu a Makanjira anapha Captain Maguire, mkulu wa asilikali a atsamunda, mu 1891, Jalasi anagonjetsedwa mu 1895 kuphiri kuja kumene kuli mabwinja a linga la Fort Mangochi. Koma mphamvu zawozo zinkachokeranso ku malonda a minyanga ndi akapolo opita kugombe monga ku Kilwa. Zonse ziwiri ndi zoona ndipo zonse zilembedwa. Pali ena amafuna tilembe za ungwazi zokha, pali enanso amafuna za ukapolo zokha, ine ndikuti mwana wa kuno ali ndi ufulu omva nkhani yonse, sinanga ena mwa ife ndi zidzukulu za ogulitsa ena za ogulitsidwa ndipo tonse timagula pamsika umodzi.

Seputembala

Kwayamba kutentha. Mwezi uno ndathera pa mabuku otsala aja. Ambiri anaonongeka ndi mvula, masamba anamatana ena anachita nkhungu yakuda, amenewo sitingawapulumutse. Omwe ali bwinoko tikuwapukuta ndi kabulashi kofewa tsamba ndi tsamba, kuwayanika pamthunzi pomwe pakupita mphepo, padzuwa ayi chifukwa pepala lakale limauma nkumathetheka. Selotepi taletsa, imasiya chikasu ndipo ikamamatuka imachotsa ndi zilembo zomwe. Kaundula yense ndikumujambula ndi foni tsamba lililonse, zithunzi tikusunga pa memori kadi ndi pa kompyuta ya mphunzitsi wina kuti china chikaonongeka china chitsale. Mabuku enieniwo abwerera mubokosi lawo lachitsulo, loikidwa pamwamba osati pansi.

Pamene ndimasanja ndinazindikira chinthu chimene chandiwawa. Mabuku a Chingerezi ndi ambiri, a Chichewa alipo ndithu, koma a Chiyao palibe ndi limodzi lomwe. Laibulale ya pakati pa Ayao, anthu ankalowa akulankhula Chiyao nkutuluka akulankhula Chiyao, koma pashelefu chilankhulo chawo panalibe. Chifukwa chake chimadziwika, mu 1968 boma linasankha Chichewa kukhala chilankhulo cha dziko pambali pa Chingerezi, nde kusukulu, pa wailesi ndi mmabuku zilankhulo zina zinakankhidwira pambali, Chiyao chinadzayamba kumveka pa MBC ulamuliro wa chipani chimodzi utatha mu 1994. Ine ndemwe ndikulemba zino mChichewa ndipo ndimachikonda, koma shelefu imeneyi ikuyenera kunena zoonazo. Ndapempha kuti pangodya ya laibulale tisiye shelefu imodzi ya Chiyao chokhachokha, tiyambe ndi nthano ndi miyambi imene tikujambula kwa akuluakulu, tiitaipe, tiisindikize ngakhale pa fotokope nkumanga ndi ulusi. Komiti yavomera.

Zikwangwani zofotokozera zinthu zikhala mChiyao pamwamba, Chichewa pakati, Chingerezi pansi. Pamenepa tikufuna thandizo, olankhula Chiyao tilipo ambiri koma olemba bwino ndi ochepa, aliyense akulemba mwake. Ngati alipo amene anazolowera kulemba Chiyao, kaya ndi mphunzitsi kaya womasulira, atipeze kudzera kwa mlembi wa komiti.

Mabanja amene mayina awo ali mukaundula tayamba kuwayendera. Ambiri akuvomera mosangalala, ena mpaka akubwera okha kudzafunsa ngati dzina la bambo awo lilimo. Banja limodzi lakana ndipo tsamba lawo sitilionetsa, nkhani yathera pomwepo. Agogo aamuna aja avomera kuti masamba awo awiri, la chala ndi la dzina, aikidwe pamodzi mgalasi, ati bola iwo adzakhalepo tsiku lotsegulira.

Funso lina lomwe labwera kuchokera kwa ana a sekondale ndi loti kodi aziloledwa kudzawerengeramo? Poyamba pulani inalibe zimenezo. Koma taona kuti mabenchi awiri akukwana pansi pa windo la kummawa, nde masana mkati mwa sabata pazikhala potseguka kwa ofuna kuwerenga, kubwereka kupita nalo kunyumba ayi pakadali pano poti mabuku ndi ochepa. Kope latsopano lolembamo obwera tagula kale, mizere yake tajambula mofanana ndi kaundula wakale uja, deti, dzina, mudzi, buku.

Zomwe zatsala mvula isanagwe

Chitseko cha kuseri ndi mabagala a mmawindo ndiye zofunika msanga, panopa katundu yense akugona kwa amfumu chifukwa sitingamusiye mnyumba yosatseka. Magalasi a mawindo anayi sitinagule. Ngalande yozungulira nyumba ikumbidwe Okutobala asanathe kuti madzi asadzakhalenso pa maziko ngati kale. Chimbudzi chilibe denga. Kalata yodziwitsa a nthambi ya boma yoona za myuziyamu ndi zipilala talemba, mlembi apita nayo sabata ya mawa, tikufuna adzaone komanso atilangize kasungidwe ka yunifolomu ija poti nsalu yake yayamba kufumbwa mmapewa. Nkhani ya amene aziyang'anira nyumbayi tsiku ndi tsiku, ndi kuti azilipidwa kuchokera pati, sinathe, ndipo imeneyi ndaipempha ikhale yoyamba pa msonkhano wa Loweruka chifukwa yakale ija inatsekedwa pa chifukwa chomwechi. Msonkhano uyamba ikangotha swala ya masana, pakhonde pa nyumba yomweyo, aliyense abwere ndi mpando wake.